Mutu 7: Phulusa pa Mchombo

1. Kachubu ka a Sisita

Thelma anapita ku Malama pa holide ya Ogasiti kukathandiza mkulu wake Anastasia, amene masiku ake ochira anali atakwana. Mayi awo anamwalira kalekale ku Jumbe, ndiye ntchito ya mayi inagwera mtsikana wa giredi naini. Nanga akanapita ndani?

Mwana anabadwira kukiliniki, wamwamuna, wa tsitsi lambiri. Anastasia anataya magazi ochuluka moti ngakhale kudzutsa mutu kunkamuvuta. Pa tsiku lotuluka, a Sisita Millicent anakodola Thelma n'kumuonetsa kachubu kakang'ono ngati chala.

"Mkulu wako ndi wofooka, ndiye ndiuza iwe," anatero a Sisita. "Tchera khutu, sindibwereza. Mankhwala awa dzina lake ndi kiloheksidini. Dzinalo usavutike nalo, gwira zimene amachita. Mchombo wa khanda ndi bala, ndipo ndi khomo lolowera m'thupi. Tizilombo tosaoneka ndi maso tili ponseponse, m'manja mwako, pachitenje, pamphasa. Kachilombo kalikonse kali ndi kachikopa kokakuta. Mankhwalawa akakhudza kachikopako amakakamira ngati chisoso pa siketi, kenaka amakaboola, zam'kati n'kutayikira panja, kachilomboko n'kufa. Amakakamiranso pakhungu la mwana, n'chifukwa chake kupaka kamodzi patsiku n'kokwanira. Usambe m'manja, upake pang'ono, usiye pamtunda."

"Amakakamira bwanji, a Sisita?" anafunsa Thelma.

"Kusukulu simunaphunzire za pozitivi ndi negativi?"

"Tinaphunzira. Zimakokana."

"Basi, ndi zomwezo. Mankhwalawa ndi pozitivi, kachikopa ka kachilombo ndi negativi. Koma sopo wochapira nayenso ndi negativi. Ukawasakaniza ndi sopo, mankhwala amapita kukagwirana ndi sopoyo, tizilombo n'kutsala tikuseka. Choncho sopo pamchombo ayi, kupekesa ayi. M'maso ndi m'makutu asafikemo, angaononge mwana moyo wake wonse. Chinanso, awa ndi mankhwala a pamwamba, salowa m'magazi. Ukaona khungu lafiira mozungulira mchombo, kapena mafinya, kapena fungo, kapena mwana akutentha n'kumakana bere, ndiye kuti tizilombo talowa kale m'kati. Pamenepo kachubu kalibenso ntchito, pafunika jakisoni. Uthamange naye kuno."

Thelma anagwedeza mutu, n'kumati atembenuke. A Sisita anamugwira pamkono.

"Sindinathe. Mchombo uchedwerako kugwa. Tizilombo timene timaufulumiza kuwola ndi tomwe tikuphedwato. Akuluakulu adzadandaula, ndimawadziwa. Usadzalole chinthu china pamchombopo, koma usadzawayankhenso mwano. Ukawatukwana adzakutsekera kunja, ndipo mwana adzatsala yekha."

Thelma anati wamva. Aa, kumva! Ana a sukulu mumafulumira kunena kuti mwamva.

2. M'chikuta

Anastasia anakwatiwa ndi Ruben, sikauti wolondera nyama, ndipo ankakhala pakhomo pa amake Ruben, a Esnati. Banjali linatsika kuchokera kumtunda kwa Chipata kudzalima thonje m'chigwa, ndipo linatsika ndi miyambo yake yonse, wosatsalako ndi umodzi womwe.

Mwambo wake unali wakuti mayi ndi khanda akhale m'chikuta, osatuluka m'nyumba, mpaka mchombo utagwa. Bambo saloledwa kulowa, kuona mwana, kapena kumunyamula. Ruben ankangokhala pansi pa mtengo wa mango n'kumasoka nsapato zake za kuntchito, khutu lili kukhoma. Mwana akalira, singano inkaima.

Vuto linali lakuti tchuthi chake chinkatha Lolemba. Gulu lake linkayenera kulowa m'tchire pa patirolo yaitali, ya kutali kumene foni siigwira.

M'mawa uliwonse Thelma ankasamba m'manja n'kupaka mankhwala. M'mawa uliwonse a Esnati ankavundukula kansalu, n'kuyang'ana, n'kutsonya. Mchombo unali woyera bwinobwino, wopanda fungo, koma kugwa osagwa. Lachinayi mtima wawo unakwana.

"Iwe mwana, khala pansi apo," anatero a Esnati. "Ine ndabereka ana oposa zala za dzanja lako, ndipo palibe amene anakhala ndi mchombo mpaka lero ngati uyu. Ife timaotcha kakhosi ka dzungu, kusinja, kuthira timafuta, kupaka. Mchombo umagwa msanga, mwana n'kutuluka, bambo wake n'kumunyamula. Ruben amene ukumuona panjayo anapakidwa zomwezo. Wafa? Mafuta ako a m'chubuwo akungounyowetsa. Ukuganiza kuti ndikufulumirira chiyani, kuti ndikavine? Mwana wanga woyamba, Abson, analinso sikauti. Anapita kupatirolo mkazi wake ali m'chikuta chonchi. Anati ndikabwera ndidzamunyamula. Njati inamupeza m'bango. Tinamuika m'manda asanadziwe ngakhale kulemera kwa mwana wake. Lero mukufuna Ruben alowenso m'tchire lomwelo manja ali opanda kanthu? Ine ndili moyo, zimenezo sizichitikanso pakhomo pano. Bweretsa kachubuko."

Thelma anamanga kachubu pa ngodya ya chitenje chake.

"A Sisita anati pasapakidwe china chilichonse, amayi."

"A Sisita akowo Lolemba adzakhala pano? Anastasia, lankhula naye mng'ono wakoyu."

Anastasia anali mlendo pakhomo pa eni, wopanda mayi womuimira, wopanda mphamvu ngakhale yokhala tsonga. Anangoyang'ana kudenga.

3. Phale ndi sopo

Masana a tsiku lomwelo a Esnati anatuma Thelma kukatunga madzi kumtsinje wouma, kumene anthu amafukula mchenga n'kumadikira kuti madzi asonkhane pang'onopang'ono. Kumeneko munthu sabwerako msanga, ndipo a Esnati ankadziwa zimenezo.

Pobwera, Thelma anamva fungo la chinthu chopserera asanatule n'komwe chidebe. Pakhomo pa chikuta panali phale, ndipo m'phalemo munali phala lakuda bii, phulusa la dzungu losakaniza ndi mafuta ophikira a saladi. Pambali pake panali timbewu takuda, zitosi za khoswe zotola kunkhokwe. Zina zinali zitasinjidwira kale momwemo.

Analowa m'nyumba mothamanga n'kuvundukula mwana. Mchombo wonse unali wamatidwa. Anastasia anali atatembenukira kukhoma, akulira mwakachetechete.

"Asisi! Munali pomwepa, maso ali tuzu?"

"Ndikanatani, Thelma? Ndi apongozi anga."

Apa m'pamene mutu wa Thelma unasiya kugwira ntchito. Anatuluka, anamenya phale ndi phazi mpaka linasweka, anatola sopo wochapira zovala ndi kansanza, n'kubwerera. Anayamba kupekesa pamimba pa khanda lija ngati akutsuka mphika. Mwana analira mpaka mawu anatha. Phulusa linachoka, inde, koma patsinde pa mchombo panatuluka magazi. Ndiye Thelma anafinyira mankhwala onse a m'chubu pamwamba pa thovu la sopo.

Taonani kupusa kwake! Zonse zimene anauzidwa kukiliniki anazichita mosemphanitsa nthawi imodzi. Mankhwala a masiku otsala anathera pa thovu, pamene sakanatha kupha ngakhale kachilombo kamodzi bwinobwino.

A Esnati analowa atamva kulira.

"Ukumutani mwana? Ukumusenda?"

"Ndikuchotsa uve wanuwu!" anakuwa Thelma. "Manyi a khoswe pabala la mwana? Mukufuna kumupha? Kodi ndinu mfiti?"

Ngakhale nkhuku panja zinakhala ngati zamva. Mawu amenewo sanenedwa kwa munthu wamkulu, makamaka mayi amene anaikapo mwana wake m'manda.

A Esnati sanakuwe. Anatola kachubu kopanda kanthu kaja, n'kuloza chitseko.

"Tuluka. Ugona kukhichini. Phazi lako likadzapondanso m'nyumba muno, udzabwerera ku Jumbe wapansi."

4. Pansi pa mango

Thelma anapita molunjika kwa Ruben, misozi ya ukali ili mbwembwembwe.

"Alamu, mwaswera bwanji sindikufunsani. Mukudziwa zimene amayi anu apaka mwana wanu?"

Ruben anaika nsapato pansi. Anali munthu wofatsa, wosafulumira kulankhula, koma tsiku limenelo nkhope yake inali itauma.

"Zimene ndikudziwa n'zakuti wawatchula mayi anga mfiti. Mudzi wonse wamva. Mlamu, za m'chikuta ndi za azimayi, ine sindingalowererepo. Koma ndikuuze chinthu chimodzi, undimvere. Mayi anga ndi aukali, koma sasunga nkhani munthu akagwada. Pita ukagwade, upepese chifukwa cha mawu aja. Za mankhwala usasinthe maganizo, ungopepesa mwano wokhawo. Akakulola kulowa, ine mawa ndipita kukiliniki kukapempha kachubu kena. Koma ndikabweretsa, apake ndani? Anastasia sangalimbane nawo. Ine sindiloledwa. Watsala iwe, ndipo iwe wadzitsekera panja ndi pakamwa pako."

"Ndipepese ine? Wolakwa ndani?"

"Sindikufunsa wolakwa. Ndikufunsa wopaka."

"Ayambe iwo kupepesa kwa mwana!"

Anachoka akuponda mwamphamvu mpaka fumbi kubuka. Njira inali pamenepo, yotseguka, yongofuna maondo awiri ndi mawu amodzi. Thelma anaikana. Ankaona ngati kugwada n'kugonja, ndipo mtsikana wokhoza sayansi m'kalasi sangagonjere phulusa.

Nayenso Ruben ndisamusiye. Munthu wolondola mapazi a njovu m'tchire, koma kulephera kuwoloka bwalo la pakhomo pake kukaona mwana wake! Anatolanso singano n'kupitiriza kusoka.

Lachisanu linadutsa, Loweruka linadutsa. Thelma ankaphika, ankatunga madzi, ankasesa, pakamwa atatseka, nkhope ili ndwii. A Esnati anapeza phale lina. M'mawa uliwonse ankalowa nalo m'chikuta, ndipo panalibenso wowafunsa.

5. Belo la thonje

Lamulungu m'mawa palibe anapita kutchalitchi, chifukwa ogula thonje ankabwera tsiku lotsatira. Ruben anali m'kati mwa belo akupondaponda thonje kuti lilowe lambiri, a Esnati akumuponyera lina. Thelma ankatsuka mbale kuseri kwa nyumba pamene anamva kunong'ona pawindo.

"Thelma. Thelma, bwera."

Anali Anastasia. Milomo yake inali itauma.

"Akukana bere kuyambira dzulo. Thupi lili juu. Amayi akuti ndi mchombo ukupsa kuti ugwe, koma ine ndikuopa."

Thelma sanafunse chilolezo kwa munthu. Anazungulira nyumba n'kukankha chitseko. Fungo linamulandira pakhomo pomwe. Atavundukula kansalu, anaona khungu lozungulira mchombo litafiira psuu, kufiirako kutafalikira mpaka m'mbali mwa kamimba. Pansi pa phulusa pankatuluka mafinya. Mwana ankalira ndi timawu tating'ono, totopa.

"Asisi, apa palibenso za chubu. Tizilombo talowa m'kati. Dzukani, tipite kukiliniki."

"Mchombo sunagwe. Amayi sangalole kuti atuluke."

"Ndiye mudikira agwe ndi mwana yemwe?"

Anastasia anaphimba nkhope ndi manja. Thelma anamuyang'ana, mtima ukuwira, ndipo ulendo uno sanatukwane munthu. Anakulunga mwana m'chitenje, anamunyamula bwinobwino, n'kutuluka naye panja anthu onse akuona.

A Esnati anagwetsa thonje limene linali m'manja.

"Mayo ine! Wamutulutsa! Bwerera naye, iwe mwana wopanda mwambo! Ruben, tseka maso!"

Thelma sanaime. Anafika pa belo pamene Ruben anali atangotulukamo, thonje lili m'tsitsi ndi m'mikono, n'kumuika mwana m'manja.

"Alamu, mumafuna kumunyamula musanapite. Nayu. Munyamuleni, mumuone."

Ruben analandira chifukwa panalibe kuchitira mwina, akanapanda kutero mwana akanagwa. Anaima ngati mtengo. Kenaka anaika tsaya lake pachipumi pa mwanayo.

"Bwanji akutentha chonchi?"

"Vundukulani."

Anavundukula. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi sopo wake uja!" anakuwa a Esnati. "Anamupekesa mpaka magazi, ndinaona ndi maso angawa! Ana anga onse ndinawapaka phulusa, palibe anatupa chonchi. Ndi iyeyu wamupweteka, ndipo tsopano wamutulutsanso pamphepo mchombo usanagwe. Chikachitika chinthu panjira, mudzadziwe mwini wake!"

"Mwina ndi sopo wanga," anayankha Thelma mwaukali. "Ndinapekesa, sindikana. Mwina ndi makoswe anu. Akatiuza a Sisita. Koma pano palibe amene ali ndi jakisoni, inu kapena ine."

"Ruben, bwezera mwana m'nyumba. Ndine mayi ako ndikulankhula."

"Amayi, chokani panjira."

Ruben anali asanawayankhepo mayi ake chotero chibadwire.

Ruben anakuwira mnzake wa nyumba yoyandikana nayo, Edwell, kuti abweretse njinga yamoto. Pamene injini inkalira, chitseko cha chikuta chinatseguka. Anastasia anatuluka akugwira khoma, chitenje atamanga mokhota, mapazi opanda nsapato. Sanayang'ane apongozi ake. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pa njinga, n'kutambasula manja kuti Ruben ampatse mwana wake.

Thelma anathamangira kukatenga thumba la matewera kuti nayenso akwere. Ruben anamuletsa ndi dzanja.

"Malo palibe. Utsala."

"Koma alamu, a Sisita anauza ine zonse!"

"Anakuuza, ndiye unatani nazo?" Ruben anatembenukira kwa mayi ake, n'kubwereranso kwa Thelma. Maso ake anali ofiira. "Inu awiri mwakhala mukumenyanirana pamimba pa mwana wanga, wina ndi phulusa, wina ndi sopo, aliyense kufuna kupambana. Ine ndinakhala pansi pa mango ngati chitsiru, ndikusoka nsapato. Tonse atatu tilibe nzeru. Koma mumve bwino. Mwanayu akapanda kubwerako wamoyo, pasadzapezeke wondiuza kuti analakwa ndi mnzake. Sindidzamva, kaya ndi inu amayi, kaya ndi iwe."

Anakwera, Anastasia kumbuyo kwake atafungatira mwana, ndipo njinga inalowa mumsewu wa fumbi wopita kukiliniki.

Pabwalo panatsala anthu awiri, belo losatha kudzaza lili pakati pawo. Thelma anali chigwirire thumba la matewera limene anaiwala kupereka. A Esnati anakhala pansi, padothi penipeni, miyendo atatambasula. Phokoso la injini linachepa mpaka linatheratu.

"Iwe," anatero a Esnati osamuyang'ana. "Makutu ako ndi a mwana, amamva patali. Pamene amanyamuka paja, wamumva mdzukulu wanga akulira?"

Thelma anatsegula pakamwa kuti ayankhe mwaukali monga mwa masiku onse, koma ukali sunabwere. Anaganiza za belo, za njinga, za fumbi, kufunafuna pamene anamva timawu tija komaliza.

"Ayi, amayi," anatero. "Sanalire."